Malangizo: Chandamale cha Chitsulo cha Mfuti ya .22

Omvera athu ku Kafue, makamaka inu muli ndi mfuti ya .22 yachilolezo, tcherani khutu. Chitsulo cha chandamale chikhale cholimba, cha AR500, chochindikala mamilimita 6, ndiponso chosalala. Khasu lakutha kapena chitsulo cha maenjemaenje ayi ndithu, chimakubwezerani chipolopolo kumaso. Chandamalecho chipachikeni chowerama pang'ono kuti zidutswa zizigwera pansi.

Muime patali mamita osachepera 25. Oyamba kumene tengani mbale yachitsulo ya masentimita 15. Mukamailasa osaphonya, bwererani kumbuyo kufika mamita 50, kenako muchepetse mbaleyo.

Kuseri kwa chandamale kukhale chulu chachikulu. Chonde musaloze kumtsinje wa Kafue: chipolopolo chimadumpha pamadzi, chimauluka kupitirira kilomita yathunthu, ndipo asodzi amakhala ali m'mabwato. Valaninso magalasi oteteza maso.