Chipinda cha mwana chikule naye limodzi

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera ku Rivirivi, m'boma la Balaka. Mayi awa akuti: "Tawotcha njerwa zoti tiwonjezere chipinda cha mwana wathu wamwamuna wa zaka 3. Bambo ake akuti chikhale chaching'ono poti mwanayo ngwamng'ono. Kodi akulondola?" Amisiri, athandizeni.

Mmisiri: Zikomo mayi polemba. Bambowo ndikuwapempha mwaulemu kuti aganizenso. Khoma timamanga kamodzi, koma mwanayo sakhala wa zaka 3 mpaka kalekale. Mkati mwa chipindacho musachepe mamita 3 mbali zonse. Bedi la munthu mmodzi limadya masentimita pafupifupi 90 m'lifupi ndi 190 m'litali, ndiye padzatsala poika tebulo akadzafika Sitandade 8, komanso pogona mng'ono wake.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi khomo. Kale mnyamata akasinkhuka ankapita kukagona kugowelo, mtsikana kukuka kwa agogo. Kuno kwathu mnyamata wotuluka kujando salowanso mwachisawawa kuchipinda kwa amayi ake. Makolo athu ankadziwa kuti mwana wamkulu amafuna pakepake, ndipo ankalondola. Koma lero malo achepa, ndipo gowelo la patali siligonetsa kholo tulo. Choncho uzani womangayo aike lintala pakhoma la panja, m'munsi mwake atseke ndi njerwa zomangira dothi, osati simenti. Panopa mwana azilowera mkati, pafupi nanu, kuti muzimumva akatentha thupi usiku. Akadzakula mudzangochotsa njerwa zija n'kuikapo chitseko, khoma osaliwononga. Gowelo lapezeka panyumba pomwepo.

Maziko akwezeni ndithu. Amene munaona madzi a namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 mukudziwa chifukwa chake. Mawindo akhale awiri, pamakoma osiyana, kuti mphepo izidutsa, chifukwa kutentha kwa Balaka mu Okutobala sikusewera.

Muulutsi: Ina yachokera kwa bambo a ku Liwonde. Akuti amachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo mtsikana wa zaka 11 ndi mlongo wake wa zaka 8 amagona pabalaza pamphasa imodzi.

Mmisiri: Bambo, musadikire kuti mudzamange yanu. Mtsikanayo watsala pang'ono kutha msinkhu, ndipo akufunika posinthira zovala popanda womuona. Khoma la eni nyumba musaliwononge. Mangani waya wolimba kuchokera khoma ili kufika ilo, mupachikepo nsalu yochindikala, kapena imikani chotchinga cha bango chimene mudzanyamula posamuka. Mbali yotalikira khomo ikhale ya mtsikanayo, mum'patsenso bokosi lakelake lokhoma. Chimaoneka chinthu chochepa, koma kwa mwana wa msinkhu umenewo ndi ulemu waukulu. Aliyense akhale ndi pogona pake ndi neti yake, yopisira bwino pansi pa mphasa. Mukafuna bedi losanjikiza, wapamwamba asachepe zaka 6, ndipo onani kuti sakuyandikira malata.

Muulutsi: Yomaliza ndi ya mayi woyembekezera wa ku Utale. Akufunsa ngati agule kabedi ka khanda.

Mmisiri: Ngati ndalama ili yochepa, ayi mayi, chifukwa pakangotha zaka ziwiri kapena zitatu kadzakhala katachepa. Pitani kwa kalipentala akupangireni bedi lalikulu la miyendo yaifupi, lokhala ndi zotchinga m'mbali zomangira mabawuti, zoti mudzamasula mwana akadzakula. Mipata ya timatabwa isapose masentimita 6, kuopa kuti thupi lingadutse mutu n'kukodwa. Matiresi akhale olimba, odzaza bwino bedilo, opanda pilo, ndipo khandalo lizigona chagada. Neti ya kusikelo ija ipachikeni tsiku lomwelo mwabwera naye kunyumba. Kandulo ndi koloboyi zisayandikire neti, gulani kanyali ka sola. Mbaula yamoto isagone m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji mu Juni, chifukwa mpweya wa makala sununkha koma umapha.