Za Mpweya Umene Usweka m'Botolo Lotseka

Makolo a ku Chitawira amene ana ao awerenga Chemistry amamva mau akuti equilibrium, nayesa kuti ndi cinsinsi ca akatswiri okha. Si tero. Munthu akaima pa cipata ca msika, naona kuti olowa aculuka monga oturuka, adziwa kuti khamu la m'katimo silicepa kapena kukula, ngakhale miyendo siileka kuyenda. Mpweya ucita comweco.

M'zaka za m'ma 1890 Max Bodenstein wa ku Germany anatsekera mpweya wa HI m'mabotolo nautentha. Tizigawo tiwiri ta HI tikasweka tibala kamodzi ka H₂ ndi kamodzi ka I₂, ndipo tomweto tikakomana tibwereranso kukhala HI. Pa madigiri 400, kusweka ndi kubwerera zikalingana, H₂ kucurukitsa ndi I₂, kugawa ndi HI wocurukitsidwa ndi mwini wace, zipatsa nambala yochedwa K, pafupifupi 1/64.

Tsono wophunzira ayambe ndi mole 1 ya HI m'botolo la lita imodzi. H₂ wobadwa amuche x, I₂ nayenso x. HI wotsala ndiye 1 − 2x, pakuti x aliyense adya magawo awiri. Apa ndi pamene ana ambiri agwa pa mayeso, polemba 1 − x mothamanga, ndipo nchito yonse yotsatira ipita m'madzi. Alembe: x² ÷ (1 − 2x)² = 1/64. Mbali zonse ziwiri ziri ndi muzu wace, motero x ÷ (1 − 2x) = 1/8; ndiye kuti 8x = 1 − 2x, ndipo x = 0.1. M'botolomo mukhala HI 0.8, H₂ 0.1 ndi I₂ 0.1. Wanzeru ayese yankho lace: 0.01 kugawa ndi 0.64 ndi 1/64 ndithu. Gawo limodzi lokha mwa asanu ndilo lasweka, cinkana botolo likhale pa moto womwewo mlungu wathunthu.

Owocha laimu ku Lirangwe adziwa mbali yina ya nkhaniyi ndi manja. Mwala wa laimu usweka pa madigiri ngati 900, nuturutsa mpweya wa CO₂. Ng'anjo ikatsekedwa ponseponse, mpweyawo uunjikana, kusweka kuima pakati, ndipo nkhuni zitha mwala usanapse. Cifukwa cace aisiya yotsegula pamwamba kuti mpweya uthawe, mwala upse wonse ndi kukhala laimu wopaka nyumba ndi machalichi.