"Pa" wathu mmodzi, Chingerezi chimamugawa

Sabata yatha, poitanira anzathu a ku Ntchisi ku darsa ya ku Mponela, ndinalemba kuti "on 2 o'clock at Friday". Mlongo wina wa Fomu 4 anandiimbira: "Achimwene, mwatembenuzatu!" Manyazi ake!

Wandisokoneza ndi "pa" wathuyu: pa Lachisanu, pa 2 koloko, pamzikiti. M'Chingerezi ola limatenga at: "at 2 o'clock". Tsiku limatenga on: "on Friday". Mwezi ndi chaka, in: "in Ramadan". Malo nawonso, poloza penipeni timati "at the mosque", koma boma lonse ndi "in Dowa".

Inu a MSCE, paja Chingerezi chikakugwetsani satifiketi palibe. Lembaninso uthenga wangawo molondola munditumizire, ndiwona ikatha Isha, insha Allah.