Tetezani PlayStation Yanu ku Kutentha kwa Chilimwe

Mu Okutobala ndi Novembala chigwa cha Domasi chimatentha kwambiri. Kamphepo kozizira ka pamwamba pa mapiri a Zomba ndi Malosa sikatsikira kuno masana, ndipo kamvuluvulu amatola fumbi m'misewu ya dothi n'kulilowetsa m'nyumba. Nyengo imeneyi ndi yoopsa kwa makina a magemu, kaya ndi a ana pabalaza, a wophunzira wa pa Domasi College of Education, kapena a mnyamata amene amaseweretsa anzake mpira wa FIFA pa Songani kuti apeze ya sopo.

PlayStation kapena Xbox ndi kompyuta yamphamvu yotsekeredwa m'kabokosi kakang'ono. Gemu ikamaseweredwa, PS4 ikhoza kudya magetsi opitirira mawati 100, ndipo pafupifupi onsewo amasanduka kutentha. M'kati muli fani imene imakoka mpweya wozizira m'mbali n'kutulutsa wotentha kumbuyo. Mpweya ukalephera kuyenda, zipangizo zimapsa pang'onopang'ono. Vutoli si la kuno kokha. Mu 2007 kampani ya Microsoft inapatula ndalama zoposa madola 1 biliyoni zokonzera ma Xbox 360 amene ankafa akuwonetsa magetsi atatu ofiira, ndipo kutentha kunali m'gulu la zifukwa zake.

Sankhani malo abwino

Kampani ya Sony imanena kuti PS4 ndi PS5 zizigwira ntchito pamalo otentha madigiri 5 mpaka 35. Chipinda cha malata chopanda siling'i chikhoza kupitirira pamenepo dzuwa likakhala paliwombo. Choncho ikani makinawo m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi zenera lolowa dzuwa, mbaula kapena kumbuyo kwa firiji.

Atulutseni m'kabati yagalasi. Ambirife timasungamo zinthu zamtengo wapatali poopa ana ndi fumbi, koma m'kabati yotseka makina amangokokanso mpweya wotentha umene atulutsa kale. Aikeni patebulo lolimba, ndipo musiye mpata wa masentimita 10 kapena kuposa pakati pawo ndi khoma. Musawaike pa matiresi, pa sofa kapena pa kapeti chifukwa mabowo amatsekeka. Pansi penipeni sipabwinonso, poti fumbi lonse la mapazi ndi la tsache limathera pomwepo. Dikoda kapena DVD isakhale pamwamba pa makinawo.

Nsalu yophimbira imathandiza pokhapokha makina atazimitsidwa ndipo azizira. Musanayatse, ichotseni yonse.

Limbanani ndi fumbi

Fumbi likamatirira pa fani ndi pa tizitsulo totaya kutentha, limakhala ngati bulangete lofunditsa munthu wamalungo. Sabata iliyonse m'chilimwe, zimitsani makina, zulani chingwe kukhoma, ndipo sesani mabowo onse ndi burashi yofewa yopentera kapena mswachi wakale wouma. Pompa ya njinga imathandiza kuuzira fumbi lotsalira m'mabowo, bola muzipopa pang'onopang'ono. Musapemerere ndi pakamwa chifukwa mpweya wathu uli ndi chinyezi. Kunja pukutani ndi nsalu youma, osathira madzi, sipiriti kapena palafini.

Ngati muli ndi PS4 Slim, chivundikiro cha pamwamba chimachoka popanda kumasula sikuluu, ndipo fani imaonekera kuti muisese. PS5 nayo ili ndi zivundikiro zochotseka ndi timabowo tosonkhanitsira fumbi. Posesa m'nyumba, wazani timadzi pansi kaye kuti fumbi lisabuke.

Samalani ndi mphemvu

Mphemvu zimakonda malo amdima ndi ofunda, ndipo m'kati mwa PS4 ndi momwemo. Zikakhudza mbali imene magetsi amalowera, makina akhoza kupseratu. Musalole ana kudyera mandasi kapena zitumbuwa pafupi ndi makinawo. Mukamapopera mankhwala a tizilombo, tulutsani kaye makinawo, ndipo musapopere m'kati mwake.

Apatseni mpumulo

Masiku otentha kwambiri, ndi bwino kusewera m'mawa kapena madzulo. Amene mukuchita bizinesi ya magemu, zimitsani makina kwa mphindi 15 kapena 20 pakatha maola awiri kapena atatu, tsegulani mazenera, ndipo fani ya m'nyumba iziyendetsa mpweya, pakuti gulu la anyamata m'kachipinda kamodzi nalonso limawonjezera kutentha. Makasitomala angadandaule pang'ono, koma makina akafa bizinesi yonse yaima. Usiku zimitsani kotheratu, osawasiya pa rest mode.

Magetsi a ESCOM akazima mwadzidzidzi, zulani chingwe kukhoma, ndipo akabwera dikirani kwa mphindi zingapo kuti akhazikike. Gulani surge protector yodalirika yoteteza makina ku magetsi obwera mwamphamvu. Ngati mumagwiritsa ntchito sola, onetsetsani kuti inveta ili ndi mphamvu zokwanira TV ndi makinawo pamodzi, ndipo isakhale moyandikana nawo chifukwa nayonso imatentha.

Zizindikiro zoti zinthu sizili bwino

Fani ikayamba kulira mokweza kuposa kale, gemu ikamaima yokha, kapena makina akamazima okha, musakakamize. PS4 ikatenthedwa imalemba chenjezo pa TV ndipo nyali yake imaphethira mofiira. Zimitsani, zulani chingwe, ndipo isiyeni kwa ola limodzi pamalo opita mphepo. Musaiike m'firiji kapena kuiphimba ndi nsalu yonyowa, chifukwa chinyezi chimawononga kuposa kutenthako.

Phokoso likapitirira mutachotsa fumbi, mwina phala lotchedwa thermal paste, limene limapereka kutentha kwa purosesa ku chitsulo choziziritsa, lauma. Zimachitika kawirikawiri m'makina akale, monga PS3 imene inatuluka mu 2006 ndi PS4 ya mu 2013, makamaka ogulidwa kwa ena kapena otumizidwa ndi abale a ku Joni. Ntchito imeneyi isiyireni katswiri wa makompyuta mumzinda wa Zomba kapena ku Blantyre, ndipo mufunseni kaye ngati anatsegulapo makina a mtundu wanuwo.

Pomaliza, aphunzitseni ana malamulowa, popeza ndi iwo amene amakhala ndi makinawo nthawi zambiri. Mwana mmodzi apatsidwe udindo wochotsa nsalu, kusesa mabowo Loweruka lililonse ndi kuzula chingwe magetsi akazima.