Kukweza chitetezo cha m'thupi: zomwe kafukufuku anapeza

M'misika ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, simusowa mabotolo ndi timapepala ta ufa zomwe ogulitsa amati zimakweza chitetezo cha m'thupi. Munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV salakwa kufunsa ngati pali china, pambali pa ma ARV, chomwe chingabwezeretse mphamvu zake msanga.

Akatswiri a zaumoyo nawo anafunsapo funso lomweli. Pa kafukufuku wa ESPRIT ndi wa SILCAAT, anthu oposa 5,000 a m'mayiko osiyanasiyana, onse akumwa ma ARV, anagawidwa pawiri. Gulu lina linkabayidwanso jakisoni wa interleukin-2, mankhwala ochulukitsa maselo a CD4, omwe kuno timawatcha asilikali a m'thupi. Zotsatira zinatuluka mu 2009. Asilikali anachulukadi, koma obayidwawo ankadwala ndi kumwalira mofanana ndi anzawo omwe ankangomwa ma ARV okha. Ambiri jakisoniyo ankawatenthetsa thupi ndi kuwaphwanya m'nkhongono. Nambala inakwera papepala la kuchipatala, koma moyo sunatalike. Ngati mankhwala oyesedwa mosamala chonchi kwa zaka zambiri analephera, nanga botolo lopanda dzina?

Akuluakulu akukumbukira mchape wa Billy Goodson Chisupe, womwe mu 1995 unasonkhanitsa khwimbi la anthu ku Machinga. Nthawi imeneyo kunalibe kolowera. Ma ARV aulere anayamba m'zipatala za boma mu 2004, ndipo ndi okhawa omwe atsimikizika kuti amapondereza kachilombo mpaka chitetezo kubwerera chokha.

Kafukufuku wa njira zothandizira chitetezo akupitirira, koma mankhwala oyesera sagulitsidwa padoko. M'dziko muno kafukufuku wotere amayamba wavomerezedwa ndi makomiti monga National Health Sciences Research Committee, ndipo wolowamo amafotokozeredwa zonse asanasaine.

Pali chinanso chomwe ambiri sachidziwa. Mapilitsi owonjezera magazi, a calcium, ngakhale ena a chilungulira, amatha kuchepetsa mphamvu ya dolutegravir, yomwe ili mu ARV amene anthu ambiri akumwa kuyambira mu 2019. Choncho chilichonse chomwe munthu akufuna kuphatikiza, ngakhale chitsamba cha kwa agogo, ayambe wakachionetsa ku chipatala cha boma cha Nkhotakota, ku St Anne's kapena pa chipatala chaching'ono chakwawo. Msodzi amene akusamukira kudoko lina potsata usipa anene msanga, kuti aone ngati angalandire mankhwala a miyezi ingapo, ndipo asasiye buku lake la kuchipatala.