Tonse tikudziwa kuipa kwa majumbo, nanga bwanji akadali mu Likangala?



Phunziro lathu lero lili pa funso limodzi: n'chifukwa chiyani munthu amadziwa chabwino koma osachichita? Titengere chitsanzo pa majumbo.

Mu 2015 boma linaletsa majumbo opyapyala, osafika ma micron 60, ndipo mu 2019 khoti la Supreme linagamula kuti lamulolo ligwire ntchito. Koma tayendani m'ngalande za ku Masongola kapena ku Mpondabwino mvula itangokata, mupeza majumbo ali mbwee. Madzi amawakokolera mu Mulunguzi ndi Likangala, mpaka kukafika m'nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chalowamo chakhala momwemo, pamodzi ndi matemba omwe timadyera nsima.

Ndiye vuto si umbuli ayi. Kuyunivesite ndakumana ndi mfundo zitatu za psychology, maphunziro a kaganizidwe ndi khalidwe la munthu, zomwe ndikuona kuti zingatithandize.

Yoyamba: munthu amatsanzira zomwe akuona kuposa zomwe wauzidwa. Mu 1990 Robert Cialdini ndi anzake ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wina. Ankaika timapepala pa magalasi a galimoto za anthu n'kumaonerera. Pamalo pomwe panali kale zinyalala, ambiri ankangotaya kapepalako pansi. Pamalo posesedwa, otaya anali ochepa. Ndiye majumbo omwe amwazikana kale pansi ndi omwe amaitana ena. Kusesa pakhomo pa mzikiti kapena pa hostel m'mamawa ndi uthenga kwa aliyense wodutsa kuti pano sitimataya.

Yachiwiri: tisamale ndi mawu athu. Cialdini yemweyo anayesa zikwangwani ku Petrified Forest, malo otetezedwa a ku Arizona komwe alendo ankaba timitengo takale tomwe tinasanduka miyala. Chikwangwani chodandaula kuti alendo ambiri akhala akutenga timitengoti chinachititsa kuti kuba kuchuluke, poyerekeza ndi chomwe chinangopempha kuti musatenge. Mukalemba pa Facebook kuti "aMalawi tonse ndife auve", wowerenga amamva kuti uve ndiye chikhalidwe chathu, nanga iye avutikirenji? Bola kujambula mayi amene wabwera kumsika ndi dengu lake, atakulolani, n'kulemba kuti oterewa alipo ndipo tiwatsanzire.

Yachitatu: niya yabwino imafuna tsiku, nthawi ndi malo. Peter Gollwitzer, katswiri wa ku Germany, anafotokoza mu 1999 kuti munthu amene wakonzeratu kuti "zakuti zikachitika, ndichita chakuti" amakwaniritsa kawirikawiri kuposa amene wangoti "ndiyesetsa". Choncho m'malo monena kuti ndisiya majumbo, nenani kuti ndikamatenga ndalama ya ndiwo, nditenganso kachikwama kansalu. Kapachikeni pa msomali wapafupi ndi chitseko kuti kukatenga kusavute.

Mu November 2020 boma linakhazikitsa tsiku losesa dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse masana. Taonani mwayi wake kwa ife. Tsikuli timakhala titasonkhana kale pa Jumu'ah, ndiye palibe chovuta kuitana anthu. Achinyamata khumi atanyamula masache ndi matumba pamaso pa jamaa yonse angaphunzitse zambiri kuposa chikwangwani.

Tisanamizane, psychology siilowa m'malo mwa bini. Ngati pamsika palibe potaya zinyalala, kapena galimoto yodzatenga sikubwera, anthu abwerera ku zakale. Chimodzimodzi wootcha makala m'phiri la Zomba, komwe kuli damu la Mulunguzi lomwe timamwako madzi: popanda njira ina yopezera chakudya cha ana ake, mawu okoma samusintha. N'chifukwa chake kusesa kwathu kuyendere limodzi ndi kupempha khonsolo ya mzinda mabini.

Ntchito ya sabata ino: sankhani malo amodzi aang'ono, muwasese masiku 7 otsatizana, muziwerenga majumbo omwe mukuwapeza m'mawa uliwonse. Mudzatiuze m'makomenti ngati nambala yatsika kapena ayi, in sha Allah.