Mbewu ya chinangwa imatengera make, ndi matenda omwe

Mlimi wa ku Karonga akafuna kudzala chinangwa safuna njere ayi. Amangodula mtengo wokhwima, masentimita 25 kapena 30, nkuuzika pamzere. Nthochi nayo chimodzimodzi: amakumba mwana patsinde la make nkukadzala pena. Kuberekana kotere kulibe bambo. Chomeracho ndi make yemweyo, kukoma kwake, kuwawa kwake, ngakhalenso matenda ake.

Apa ndiye pagona nkhani. Khate la chinangwa, lija limapiringiza masamba, komanso matenda oola mizu omwe avuta m'mbali mwa nyanja, amakhala m'kati mwa mtengo. Ntchentche zoyera zimawafalitsa, inde, koma amene amawanyamula mtunda wautali ndi ife eni, pa njinga, titapempha mbewu kwa mnansi osayamba taona munda wake. Pitani mukauone mundawo masamba adakali awisi. Mukazula tsinde nkupeza chinangwa choola chikasu m'kati, mitengo yakeyo ndi nkhuni basi.

Mpunga ndi wosiyana. Njere imabadwa ufa wa duwa ukagwera pa mbali yachikazi, koma duwa la mpunga limadzikwatira lokha. Nchifukwa chake Kilombero wa ku Hara, Wovwe ndi Lufilya amasungika zaka zambiri osasintha, pokhapokha mutamusakaniza popuntha. Chimanga cha haibulidi chili ndi makolo awiri osiyana, ndipo mukabwereza kudzala za m'nkhokwe zokolola zimatsika.

Adani athu nawonso amadziwa njira yachidule. Kodikodi, amene adasakaza chinangwa m'mbali mwa nyanja m'zaka za m'ma 1980, ndi wamkazi yekhayekha: amaikira mazira nkuswa popanda wamwamuna. Mmodzi yekha wobisala pa mtengo wa mbewu akwanira kudzaza munda. Adamugonjetsa ndi kamavu kochokera ku South America komwe kamaikira mazira m'thupi mwake.

Nanga chofota cha nthochi, chomwe chidawononga mitundu ngati Harare m'boma lino? Chimayamba ndi nkhungu ya m'nthaka, m'bale wake wa bowa. Imabala timbewu tosaoneka ndi maso popanda kukwatirana, ndipo timatha kudikira m'dothi zaka zoposa 20. Mwana wa nthochi wochokera m'munda wodwala, ngakhale dothi lomatirira kukhasu, amasamutsa matendawa.

Musanadule mbewu ya chaka chino, funsani alangizi a m'dera lanu kapena a ku Baka komwe mungapeze mitengo yopanda matenda.